Ring'i yachiwiri

Njinga yamoto imene ikudya oyilo imadziulula pa chitunda. Pamalo athyathyathya imatha kubisa matenda ake, koma ku Thyolo malo otere ndi osowa. Mukachoka pa boma kulowera ku Makwasa, kapena mukasiya tala n'kupatukira m'misewu ya dothi lofiira yodutsa pakati pa minda ya tiyi, simuyenda kanthawi musanapeze pokwera. Apo ndi pamene wakabaza amatsitsa giya n'kuonjezera moto, ndipo ngati injini ili ndi vuto, utsi wabuluu umafuka ku ekizozi mpaka wokwera kumbuyo amakafika kwawo malaya akununkha. Oyenda pansi akauona amapukusa mitu n'kumati masipeya a masiku ano ndi achinyengo. Nthawi zina amanena zoona. Koma ine ndaonapo njinga zofuka chonchi zitangotuluka kumene kwa makaniko, pisitoni yatsopano, maring'i atsopano, gasiketi yatsopano, zonse zabwinobwino kupatula kachitsulo kamodzi komwe kanalowa chadodolido.

Zimenezi ndinazidziwira kwa amalume anga, omwe anagwira ntchito zaka zambiri mu wekishopu ya esiteti ina ya tiyi asanapume n'kuyamba kukonza njinga zamoto pakhonde pawo. Ine si makaniko. Ntchito yanga pakhondepo inali yopereka sipanala, kutsuka zitsulo m'beseni la parafini ndi kugwira tochi. Maso awo atayamba kuchita khungu pa zinthu zing'onozing'ono, anandionjezera ntchito ina yowawerengera tizilembo ta pa zitsulo, ndipo mpamene ndinayamba kufunsa mafunso.

Maesiteti a kwathu timawadziwa chifukwa cha masamba, ndiponso chifukwa cha mbiri yowawa ya thangata ndi kuchepa kwa malo olima komwe kukuvutitsa anthu mpaka lero. Mayina ake aliyense amawatchula: Satemwa, yomwe Maclean Kay anayambitsa mu 1923, Conforzi, Nchima, Makandi, Naming'omba ndi ena. Chomwe sitikamba kawirikawiri n'choti kuseri kwa mafakitale kunali sukulu ya umisiri, ngakhale panalibe chikwangwani chonena choncho. Kunali mathirakitala okoka ngolo za masamba, majenereta, mapampu a madzi, maboyila odya nkhuni za bulugamu, makina odula ndi kupota masamba, ndi njinga zamoto za oyang'anira minda. M'dzinja tiyi amaphukira msanga, ndipo masamba othyoledwa m'mawa sangadikire sabata kuti sipeya ichoke ku Limbe. Makina akaima kawiri chifukwa cha vuto limodzi, mmisiri ankafunsidwa. N'chifukwa chake anthu a m'wekishopumo anazolowera kukonza chinthu kamodzi n'kuthana nacho. Amalume sanapite patali ndi sukulu, koma chithunzi cha m'buku la injini ankachiwerenga bwino kuposa mmene ine ndimawerengera nyuzi.

Njinga zomwe zadzaza m'misewu yathu lero, kaya ndi Lifo, Sanlg, King Lion kapena Boxer ya Bajaj, zili ndi silinda imodzi, ndipo pisitoni yake imakhala ndi timingalande titatu kumutu. M'kangalande kalikonse mumakhala ring'i. Kunja zimaoneka ngati zibangiri zachitsulo zodulidwa pamalo amodzi, ndipo munthu wosadziwa angaganize kuti zonse ndi chimodzimodzi. Yapamwamba ndiyo imalimbana ndi moto. Petulo akaphulika, mpweya wamphamvu umalowa kuseri kwake n'kuikankhira ku khoma la silinda, ndipo mpweyawo ndi umene umaitseketsa kwambiri kuposa kutanuka kwa chitsulo chake. Nthawi zambiri m'mphepete mwake mumanyezimira chifukwa amaikuta ndi chitsulo cholimba. Yapansi ndi ya oyilo, ndipo imabwera m'zidutswa zitatu: tizitsulo tiwiri topyapyala ndi kasipuling'i kokhotakhota pakati. Maring'i alinso ndi ntchito ina yomwe anthu ambiri saiganizira. Mutu wa pisitoni umatentha koopsa, ndipo kutentha kochuluka kumadutsira m'maring'i kupita ku khoma la silinda, kenako ku zipsepse zakunja zomwe zimaombedwa ndi mphepo.

Yachiwiri, yapakatiyo, ndiyo imavuta. Imakhala yakuda, yosanyezimira, ndipo ngakhale imathandiza kutseka mpweya, ntchito yake yaikulu ndi kupala oyilo yemwe wapulumuka ku ring'i yapansi. M'mphepete mwake anasema mopendekeka pang'ono kwambiri, moti kumunsi n'kotambalala kuposa kumwamba. Imagwira ntchito ngati khasu, lomwe mukalikoka limabwera ndi dothi koma mukalikankha limangotsetsereka. Pisitoni ikamakwera, ring'iyi imayandama pamwamba pa oyilo. Ikamatsika, kanthiti ka kumunsi kaja kamapala oyilo kumubwezera pansi. Mukaizondotsa imapalabe, koma imapalira kumwamba, ndipo pisitoni ikakwera kamodzi imatengera kaoyilo komwe kuli moto. Injini ikamathamanga, pisitoni imakwera ndi kutsika kambirimbiri pa sekondi imodzi. Oyilo amapsa, utsi umachita buluu, pulagi imada n'kunyowa, mwaye umaunjikana pamutu pa pisitoni ndi pa mavavu, ndipo mwini njinga amadabwa kuti oyilo wothira Lolemba wapita kuti pofika Lachisanu.

Choipa chake n'chakuti njinga yotere imalira. Mukaikika imayaka, kompureshoni imamveka ku phazi, ndipo utsi wa tsiku loyamba aliyense amati ndi oyilo wopaka pomanga. Makaniko amalandira ndalama yake, wakabaza amanyamuka akusangalala. Vuto likamadziwika, masiku apita, ndipo mlandu umagwera wogulitsa masipeya, kapena dziko la China lonse.

Opanga maring'i amadziwa kuti kupendekeka kumeneku diso silingakuone msanga, choncho amaika chizindikiro pafupi ndi pomwe ring'i inadulidwa. Pena ndi kadontho, pena mawu oti TOP, pena chilembo chimodzi monga R, N kapena T. Pa maring'i a ku Japan zilembozi zimaimira makampani opanga: Riken, Nippon Piston Ring ndi Teikoku. Lamulo lake ndi lalifupi. Mbali yomwe ili ndi chizindikiro imayang'ana kumwamba, kumutu kwa pisitoni. Amalume ankaitenga ring'i, n'kuipukuta ndi kansalu, n'kundipatsa.

"Mphwanga, taona apa. Chilembo chili mbali iti?"

Ndikawasonyeza, ankaigoneka pa katoni chilembo chili kumwamba, ndipo palibe ankaloledwa kuikhudzanso. Ana ankathamangitsidwa pakhondepo, nkhuku nazonso.

Koma si paketi iliyonse imabwera ndi zilembo zooneka. Maring'i ena otchipa chizindikiro chake n'chofufutika, ena alibiretu. Apa ndi pomwe ndinkaona kusiyana kwa mmisiri ndi munthu wongomanga. Amalume ankaitenga ring'i ija n'kupita nayo padzuwa, n'kuiimika pa chidutswa cha galasi moyandikana ndi kachitsulo kowongoka, n'kuona mbali yomwe yagunda ndi yomwe yasiya kuwala. Yogundayo ndiyo yakumunsi. Ngati kunja kwake kunali kodulidwa ngati kasitepe, kasitepeko kankayang'ana pansi. Ankafunsanso ring'i yakale yomwe yachotsedwa, chifukwa ring'i yachiwiri yomwe yagwira ntchito imakhala ndi kamzere konyezimira kumbali yomwe inkapala khoma. Kamzereko kakapezeka kumwamba, ankangoseka pang'ono n'kunena kuti wina anadutsapo kale apa. Dzina la winayo sankafuna kulimva.

Asanaike ring'i iliyonse pa pisitoni, ankayamba aiyesa yokha m'silinda. Ankaipinda pang'ono, n'kuilowetsa, n'kuikankha ndi mutu wa pisitoni kuti ikhale mowongoka, kenako n'kupima mpata wa pomwe inadulidwa. Amakaniko amati gapu. Pa injini ya mtundu wa CG125, yomwe silinda yake ndi 56.5 mm m'mimba mwake, gapu ya maring'i awiri apamwamba imakhala pakati pa 0.15 ndi 0.35 mm. Ikachepa, chitsulo chikatentha n'kufutukuka nsonga ziwiri zimagundana, ring'i imasowa kolowera n'kuyamba kukanda silinda, mwinanso kuthyoka. Ikakula kwambiri, mpweya umathawira pansi ndipo njinga imafooka pa chitunda. Amalume anali ndi feeler gauge yawo yopimira gapu yomwe ankaisunga m'kachitini ka fodya. Anyamata ena omwe alibe chipangizochi ndawaona akugwiritsa ntchito malezala, awiri kapena atatu ophatikiza, poti lezala limodzi ndi pafupifupi 0.1 mm. Sindiwaseka. Iwowa akupima, pomwe ambiri amangotsegula paketi n'kuveka.

Tsiku lina ali pa ntchito yomweyi, mnyamata yemwe anabweretsa njinga anali akuzungulirazungulira pabwalo, foni ili m'manja. Njinga sinali yake. Inali ya mkulu wina wa pamsika yemwe amafuna ndalama yake madzulo aliwonse, kaya njinga yayenda kaya sinayende.

"Madala, tandichitireni changu. Abwana akhala akuimba kuyambira m'mawa."

"Khala pansi, mwana wanga. Abwana akowo akaimbanso undipatse ine foniyo."

"Koma kwa anzanu uko amamanga ola limodzi basi."

"Nanga unabwereranji kuno?"

Mnyamata uja anakhala pa njerwa n'kuyamba kusenda nzimbe. Ndimamumvetsa. Ambiri mwa anyamata a kabaza ku Thyolo alibe munda woti n'kudalira, ndipo ntchito yothyola tiyi imachuluka m'dzinja n'kuchepa mvula ikatha. Njinga ikagona tsiku limodzi, kunyumba ndiwo zasowa ndipo ngongole kwa mwini wake yakwera. Changu chomwe amapempha ndi cha munthu wopanikizika. Koma changu chomwecho n'chimene chimazondotsa ring'i, chifukwa makaniko yemwe kumsana kwake kwaima munthu wodandaula, ndipo panja padikira njinga zina zitatu, sapita padzuwa kukafuna kachilembo.

Ring'i ya oyilo nayo ili ndi msampha wake. Kasipuling'i kamayamba kulowa, ndipo nsonga zake ziyenera kugundana mutu ndi mutu, osati kukwerana. Zikakwerana, kasipuling'i kamafupika, tizitsulo tiwiri tija sitikanikiza khoma mokwanira, ndipo utsi wake ndi womwewo wabuluu. Kenako pamabwera ring'i yachiwiri, pomaliza yapamwamba, iliyonse moitambasula pang'ono ndi zala zazikulu, chifukwa yachiwiriyo ndi yachitsulo chophwanyika ndipo mukaikakamiza imangoti thyo. Magapu sayenera kukhala pamzere umodzi. Mabuku ambiri amati awiri apamwamba ndi a ring'i ya oyilo atalikirane madigiri 120, ndipo asayang'ane komwe kuli pini ya pisitoni. Pa mfundo iyi ndinawatsutsapo amalume, nditamva kuti maring'i amazungulira okha injini ikamayenda. Anavomera kuti amazunguliradi. Anati komabe palibe chomwe munthu amataya powasiyanitsa, ndipo injini iyambe moyo wake zinthu zili m'malo. Pisitoni nayo ili ndi kutsogolo ndi kumbuyo: pamutu pake pamalembedwa IN, ndipo mbali imeneyo imayang'ana kwa kabureta. Poika tizitsulo totsekera pini, ankayamba atseka kukamwa kwa injini ndi sanza, popeza kamodzi kakagwera m'kati ndiye kuti ntchito ya theka la tsiku yasanduka ya masiku awiri.

Pali chifukwa chinanso chomwe utsi sutiopsera. Akuluakulu ambiri anazolowera njinga za alangizi a zaulimi ndi za mabungwe, monga Yamaha DT125 ndi AG100. Injini zimenezo zimawotcha oyilo pamodzi ndi petulo mwadala, choncho kufuka kunali chikhalidwe chake. Maring'i ake analinso osiyana: munalibe ring'i ya oyilo, ndipo m'kangalande munali kamsomali komwe gapu imakhalapo kuti ring'i isazungulire n'kukodwa m'mabowo a silinda. Munthu amene anakulira pa njinga zotere akaona Lifo ikufuka amati njinga zimatero. Izi za lerozi siziyenera kutero. Oyilo wake amakhala pansi, akuzungulira n'kubwerera, ndipo akayamba kutuluka ku ekizozi ndiye kuti china chalakwika.

Kachitsulo kameneka n'kakale kuposa njinga yamoto. M'zaka za m'ma 1850, John Ramsbottom, injiniya wa sitima zapamtunda ku England, ndiye anapanga ring'i yachitsulo yodulidwa yomwe imakanikiza khoma ndi kutanuka kwake. Asanatero, mapisitoni a injini za nthunzi ankawakulunga ndi zingwe. Injini ya njinga zathu zambiri nayo ili ndi kholo lodziwika. Honda anatulutsa CG125 mu 1975, akatswiri ake atayendera maiko omwe anthu ankakweza banja lonse ndi katundu pa njinga imodzi, n'kumayenda ndi oyilo wakuda osasintha. Anapanga injini yopirira nkhanza, ndipo mafakitale a ku China atayamba kuitengera, inafika mpaka ku Thekerani ndi ku Khonjeni ndi mayina osiyanasiyana pa thanki. Kupirira kwakeko n'komwe kumatipusitsa. Injini yomwe imalirabe ngakhale yamangidwa molakwika imaphunzitsa makaniko kuti palibe cholakwika.

Sikuti utsi uliwonse ndi wa ring'i yozondoka. Timarabala ta pa mavavu tikauma, oyilo amatsikira kuchokera kumwamba, ndipo utsi wake umaoneka kwambiri m'mawa poyatsa kapena munthu akamatsika chitunda atatseka moto. Silinda ikadyeka n'kusiya kukhala yozungulira bwino, ngakhale maring'i abwino chotani sangatseke. Kale yotere ankapita nayo ku Limbe kapena ku Blantyre kukaikulitsa pa makina, n'kugula pisitoni yokulirapo ndi 0.25 mm, kenako 0.50, mpaka 1.00 mm. Lero ambiri amangogula buloko yatsopano yobwera ndi pisitoni ndi maring'i ake m'katoni imodzi. Ndipo chomwe chimadya masilinda kwathu kuno ndi fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, misewu ya m'maesiteti imasanduka ufa wofiira, ndiye pali anyamata omwe amachotsa siponji ya mu air cleaner ati kuti njinga ipume bwino. Imapumadi, koma imapuma mchenga, ndipo mchengawo ukasakanikirana ndi oyilo umanola maring'i ndi khoma lomwe mpaka zonse zitatha.

Chomwe chimandivuta pa nkhani yonseyi ndi mmene timalipirira ntchito. Sipeya timagula pa mtengo womwe wasitolo wanena, tikudandaula koma timalipira. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya masipeya inakwera ndipo anthu anapitiriza kugula, poti panalibe kuchitira mwina. Koma tikafika kwa makaniko timanenerera mpaka mtengo utatsala wa sopo. Timaona ngati chitsulo ndiye chinthu, pomwe manja ndi ongothandizira. Mphindi khumi zomwe mmisiri amathera akutembenuza ring'i padzuwa sitiziwerengera, mwinanso timaziona ngati ulesi wa munthu wokalamba. Ndiye makaniko wachinyamata, yemwe naye ali ndi lendi yoti alipire, amaphunzira kuti ndalama ili m'kuchuluka kwa njinga zomwe wamanga pa tsiku. Sindikumuimba mlandu yekha. Pali TEVETA, pali masukulu a ntchito zamanja monga Soche ku Limbe ndi Nasawa ku Zomba, koma ambiri okonza njinga pa Bvumbwe, pa Luchenza kapena pa Goliati anaphunzirira pansi pa mtengo, poonerera mkulu yemwe naye anaphunzira poonerera. Njira imeneyi imaphunzitsa bwino zinthu zooneka, monga kumasula hedi, kutchera mavavu ndi kumva kulira kwa tcheni. Zomwe zimatayika panjira ndi zosaoneka ngati izi, pokhapokha mphunzitsi ataima n'kunena kuti ona apa, ndi chifukwa chake. Ndipo wophunzira yemwe wangouzidwa kuti chilembo chiyang'ane kumwamba, osauzidwa za kupala oyilo, amasowa chochita tsiku lomwe paketi yabwera yopanda chilembo.

Buloko ikatsikira bwino pa pisitoni, maring'i atapakidwa oyilo n'kufinyidwa ndi zala imodziimodzi kuti alowe, hedi itamangidwa mopingasa ndipo injini italira, amalume ankati ntchito yafika pakati. Maring'i atsopano amafunika nthawi kuti adyerane ndi khoma la silinda. Malangizo awo anali omwewo kwa aliyense: makilomita mazana angapo oyamba usakweze anthu awiri, usanyamule matumba a chimanga kapena mikoko ya nthochi, usaisiye ikungolira pamalo amodzi, usaikakamize pa giya yaikulu pokwera, ndipo sabata ikatha ubwere tidzakhetse oyilo, chifukwa amakhala atadzaza tizinyenyeswa ta chitsulo. Anyamata ankavomera ndi ulemu wonse, manja ali kumbuyo. Mawa lake tinkawaona akudutsa pamsewu atakweza mayi, mwana ndi thumba la makala.

Pofuna kuti azibwerako, amalume anasiya kulipiritsa ntchito yosintha oyilo woyambayo, bola munthu abwere ndi botolo lake. Ena ankabweradi. Oyilo akamakha, iwo ankamasula pulagi n'kundipatsa kuti ndiwauze mtundu wake. Ikakhala youma, yofiirira, ankaibwezera n'kumuuza mnyamata kuti azipita. Ikakhala yakuda ndi yonyowa, ankamuuza kuti aisiye njingayo mpaka mawa, ndipo ankaimasulanso hedi ndi buloko yomwe, gasiketi yatsopano n'kugula ndi ndalama ya m'thumba mwawo.